Mbande zomezanitsa za m'mbali mwa msewu mu Blantyre: zogula ndi zosiya

Mvula yoyamba ikangozimitsa fumbi mu Novembala, m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya mu Blantyre mumachita kuda ndi machubu a mbande. Njira ya ku Chileka, ya ku Zomba, komanso yochoka ku Limbe kudzera ku Chigumula kulowera ku Bvumbwe, ponseponse mupeza anyamata ndi amayi atandanda mbande za mango, mapeyala, malalanje, manachesi, magwafa ndi mapapaya, pambali pa maluwa ndi kapinga. Malonda amatentha kwambiri nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala. Zomwe tikuunika pano ndi mbande zomezanitsa, zija amazitchula kuti "zachizungu" n'kumazigulitsa mokwera kangapo kuposa mbande wamba.

Tinene msanga maganizo athu. Mango ndi malalanje a m'manazale amenewa ngogulika, bola mufufuze nokha chubu ndi chubu. Mapeyala ngapakatikati. Nthochi musagule pamsewu ngakhale zitatchipa bwanji. Ndipo chofooka kwambiri pa malonda onsewa si mbande ayi, koma malangizo omwe amakupatsani mukamalipira.

Ndalama yowonjezerayo mumalipirira nthawi, mtundu ndi msinkhu wa mtengo. Mango omezanitsa amayamba kubereka chaka chachitatu kapena chachinayi, pomwe ofesa ku njere amatha zaka 6 mpaka 8 asanaonetse duwa. Peyala wofesa ndiye amatha kukudikiritsani zaka 10, kenaka n'kubereka timapeyala tamadzimadzi ta njere yaikulu. Mango achikuda ambiri mukafesa njere amabwera ofanana ndi mtengo womwe njereyo idachokera, n'chifukwa chake makolo sankavutika ndi zomezanitsa. Mango achizungu monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins satero. Njere ya Kent imakupatsani mtengo wina wake wosadziwika, kawirikawiri wa zipatso zaulusi. Komanso mtengo womezanitsa sutalika kwambiri ndipo umamvera kudulira, zomwe n'zofunika pa poloti ya ku Machinjiri kapena ku Chirimba pomwe nyumba, chimbudzi ndi mawaya a magetsi zili phathiphathi.

Tsono zonsezi zimatheka ngati mbandeyo ndi yomezanitsadi. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwira. Gwadani pansi muyang'ane tsinde. Pa mango ndi peyala, pomezanitsira pamakhala masentimita 15 mpaka 25 kuchokera pa dothi la m'chubu, ndipo pamaoneka chipsera cha mawonekedwe a V, pomwe kanthambi kosongoledwa mbali ziwiri kadalowetsedwa m'tsinde long'ambidwa pakati. Khungwa la m'munsi limakhala lokhakhala ndi lotuwirapo, la pamwamba losalala ndi lobiriwira. Pakapola bwino pamatupa pang'ono ndipo sipakhala mpata woti chikhadabo n'kulowa. Chinyengo chomwe chimachitika n'chosavuta: munthu amangokulunga kapulasitiki pa tsinde la mbande wamba yosadulidwa n'komwe. Nenani mwaulemu, "Achimwene, tamasulani pulasitikiyo tione." Wogulitsa wachilungamo amamasula osanyinyirika. Akayankha kuti mphepo ikalowa mbande ifa, dziwani kuti mwina balalo silinapole, ndiye kuti mbandeyo sinakwane kugulitsidwa, kapena palibe bala n'komwe. Zonse ziwiri ndi zifukwa zoisiyira.

Yang'ananinso masamba. Kanthambi ka pamwamba kakhale katatulutsa masamba kawiri, ndipo omalizawo akhale atakhwima, obiriwira moderako. Mbande ya mango ya masamba ofiira anthete ndi yokongola m'maso koma imafota pa kabaza musanafike pakhomo.

Malalanje ndi manachesi kawirikawiri samezanitsidwa mong'amba tsinde. Amasenda kadiso kamodzi n'kukalowetsa pansi pa khungwa la mbande ya ndimu, kadisoko kakaphuka amadula mutu wa ndimuyo. Choncho mbande yeniyeni imakhala ndi kokhota pang'ono pamene mphukira idatulukira, ndi kachipsera ka podulidwa pambali pake. Kuti mutsimikize, thyolani tsamba limodzi la pamwamba, mulitikite m'manja, mununkhize. Likanunkhira ndimu ndipo nthambi zili ndi minga yaitali, ndiye kuti kadisoko kadafa ndipo chomwe chakula ndi tsinde la pansi. Mbande zoterezi zimapezeka pafupifupi pa nazale iliyonse, nthawi zina eni akenso osadziwa. Pa malalanje, mayina oti mufunse ndi Washington Navel, wopanda njere komanso wopsa msanga, ndi Valencia, wamadzi ambiri wopsa mochedwa. Mukaona masamba anthete ali ndi timatuza tambirimbiri, ndi ntchito ya tizilombo toyamwa totchedwa psylla, tomwe timafalitsa matenda a greening. Timakonda madera ozizira ngati kuno kumtunda, ndipo mtengo ukadwala suchira: masamba amachita mawangamawanga achikasu, zipatso zimakhala zazing'ono, zopotoka ndi zowawa. Mbande ya timatuza ilekeni pomwepo.

Kenaka nyamulani chubucho. Chikakanirira pansi, muzu waukulu udaboola pulasitiki n'kulowa m'nthaka. Wogulitsa amangoudula ndi chikwanje n'kukupatsani, ndipo pakatha masiku atatu mbande yafota. Ngati mwaikondabe, auduliretu aiike padera pamthunzi, mudzaitenge pakatha milungu iwiri mutaona kuti yapirira. Ogula ambiri amathamangira mbande yaitali kwambiri poganiza kuti ibereka msanga. Mbande yopitirira mita imodzi m'kachubu kakang'ono imakhala itakhalitsa, mizu yake itazungulira pansi ngati nkhata. Ikadzalidwa choncho mizuyo imapitiriza kuzungulira, mtengo umapinimbira, ndipo ukakula mphepo ya mkuntho imauzula mosavuta. Sankhani ya masentimita 40 mpaka 60, ya tsinde lonenepa ngati pensulo kapena kuposerapo pang'ono. Dothi la m'machubu ambiri ndi la kudambo, lamakande, lomwe likauma limalimba gwa madzi n'kumangodutsa m'mbali. Ena amasakaniza ndi mchenga ndi manyowa, ndipo awo timawayamikira. Udzu wa dawe ukamera m'chubu, uzuleni ndi timinyewa take musanalowe nawo m'munda, chifukwa ukakhazikika kuuchotsa ndi ntchito ya zaka.

Vuto lomwe maso sangakuthandizeni ndi la mayina. Mbande za mango zikakhala zazing'ono zimafanana, ndipo manazale ochepa okha ndiwo amamangirira tizikwangwani. Mukafunsa mumangomva kuti "awa ndi achizungu enieni, bwana." Funso lothandiza ndi loti nthambi zomezanitsira adazidula pa mtengo uti. Amene ali ndi mitengo yakeyake yodulako nthambi, kapena amene angatchule munda womwe amakadula, ndiye wodalirika. Kusiyana kwake si kwakung'ono. Tommy Atkins ndi wofiira, wolimba khungu, wa ulusi pang'ono, amapsa msanga ndipo amapirira matenda a madontho akuda kuposa anzake. Kent ngotsekemera, alibe ulusi weniweni, amapsa mango achikuda atayamba kutha pamsika. Keitt ndi wamkulu, amakhalabe wobiriwira ngakhale atakhwima, ndipo ndiye womalizira, chakumapeto kwa dzinja. Wodya pakhomo asankhe Kent. Wofuna kugulitsa pamene mango asowa asankhe Keitt, koma akonzekere nkhondo ndi ntchentche za zipatso, poti pa nthawiyo mtengo wake ndi wokhawo wotsala ndi zipatso m'dera lonse.

Ogulitsa safunsa komwe mukukhala, chonsecho Blantyre si malo amodzi. Chileka ili pansi, mamita osakwana 800 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumatentha. Limbe, Bangwe ndi Chigumula zili pamwamba pa mamita 1,000 ndipo zimalandira chiperoni. Mango amasangalala ku Chileka, Lunzu ndi madera ena otentha. Kumtunda amabereka ndithu, koma maluwa ake, omwe amatuluka kuyambira Julayi mpaka Seputembala, amakumana ndi mame ndi chifunga, ndipo amagwidwa ndi matenda oyeretsa maluwa mbuu mpaka kuyoyoka. Mapeyala ndiwo amakonda kumtundako.

Mapeyala tawapatsa mapointi ochepa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kumezanitsa peyala n'kovutirapo kuposa mango, ndiye ambiri amagulitsidwa bala lisanapole bwino. Chachiwiri ndi dothi lamakande lija. Mizu ya peyala siifuna madzi odikha ngakhale masiku awiri. Imaola, masamba amachita chikasu n'kulendewera, mwini wake amaganiza kuti ndi ludzu n'kuwonjezera madzi, basi mtengo watha. Mbande zina zimachoka pa nazale zitadwala kale. Pemphani kung'amba chubu chimodzi m'mbali: timizu tabwino ndi toyera, todwala ndi takuda tothetheka. Pa mitundu, Hass ndi uja wa khungu lokhakhala lomwe limada akapsa, Fuerte ndi wobiriwira wosalala. Onse ngamafuta abwino. Zoti mugule awiri kuti azipatsana mungu zisakudetseni nkhawa kwambiri mumzinda uno, momwe pafupifupi mzere uliwonse wa nyumba muli peyala wa aneba ndipo njuchi sizidziwa mpanda.

Magwafa sitichedwa nawo: amagwira paliponse, gulani mmodzi basi. Mapapaya, wina akakulonjezani kuti kambande ka masentimita 20 ndi "kakakazi", akungolota, chifukwa papaya amadziwika akachita maluwa. Dzalani atatu pa phando limodzi, maluwa akatuluka musiye mmodzi wa maluwa okhala pafupi ndi tsinde, mudule aja a maluwa olendewera pa timapesi tatitali. Kumangirira chitsononkho pa papaya wamwamuna sikumusandutsa wamkazi.

Nthochi ndi nkhani ina. Matenda a chisaka, omwe adasakaza minda ya nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, amayenda ndi nsabwe za nthochi komanso ndi ana a nthochi ochokera pa phata lodwala. Mwana wotenga matendawa amatha kuoneka wabwinobwino pa tsiku logula. Pambuyo pake masamba amatuluka aafupi, opyapyala, oimirira mothithikana pamwamba, ndipo pa msana wa tsamba pamakhala timizere tobiriwira moderako todukizadukiza. Mankhwala ake palibe, kuchiza kwake n'kuzula phata lonse. Mbewu ya nthochi funsani kwa alangizi a zaulimi kapena ku malo a kafukufuku a boma ku Bvumbwe, komwe ntchito ya mbewu za zipatso ndi yawo. Kumenekonso ndi koyenera kuyambira ngati mukufuna mbande zambiri za dzina lotsimikizika. Ubwino wa apamsewu ngoti ali pafupi, amagulitsa ngakhale imodzi, mumasankha ndi manja anu, ndipo mumatha kunenerera. Kuipa kwake, lisiti kulibe, ndipo mbande ikadzabereka zina pakatha zaka zitatu mulibe kokadandaula.

Tsopano malangizo aja. Atatu omwe amamveka kwambiri ndi olakwika onse: kuti mukwirire mozama "kuti igwire", kuti muthire feteleza m'dzenje, ndi kuti pulasitiki ya pomezanitsira idzaduka yokha. Mukakwirira pomezanitsira, balalo limaola kapena chiswe chimalowerapo. Feteleza wokhudza mizu yanthete amaiwotcha, chimodzimodzinso zitosi za nkhuku zosaola. Pulasitiki nayo siduka. Tsinde likamanenepa imalimanga pakhosi mpaka mtengo kuthyokera pomwepo tsiku la mphepo. Ichotseni ndi lezala bala likapola, mocheka mbali imodzi kutsika.

Kadzalidwe koyenera ndi aka. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya, kukadali mwezi umodzi. Pa nthaka yolimba kapena yamiyala, ngati ya m'mphepete mwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, kulitsani kufika masentimita 90. Dothi la pamwamba ikani mbali ina, la pansi mbali ina. La pamwambalo sakanizani ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za malita 20 za manyowa owolerana, osanunkha ndi osatentha mukapisamo dzanja, mubwezere m'dzenje, mvula ilitsendere. Musanabwezere, yesani kuthira ndowa ziwiri za madzi m'dzenjemo madzulo. Mukapeza madzi akadalimo m'mawa, peyala ndi papaya musadzale pamenepo pokhapokha mutaunda mulu wa masentimita 30 n'kudzala pamwamba pake. Nthawi yabwino ndi Disembala mpaka pakati pa Januwale, mvula itakhazikika, madzulo kapena tsiku la mitambo. Yodzala mu Malichi imalowa m'chilimwe mizu isanazame.

Podzala, chekani masentimita awiri a pansi pa chubu kuti mizu yopindika ichoke, ng'ambani pulasitiki m'mbali osaswa dothi, ndipo dothi la m'chubu lilingane ndi nthaka ya pabwalo. Tsenderani ndi manja, osati kupondaponda ndi chidendene. Zikani kamtengo kochirikiza, mumange ndi kansalu momasuka. Konzani kabeseni kozungulira ka mita imodzi, thirani malita 20, muphimbire ndi udzu wouma wochindikala masentimita 10, koma musiye mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde. Udzu wokhudza tsinde umaitana chiswe, ndipo chiswe chimakonda mtengo womwe wafooka kale ndi ludzu. Ponyamula kuchokera ku nazale gwirani chubu, osati tsinde, ndipo ngati zili kumbuyo kwa galimoto yotsegula zifunditseni thumba kuti mphepo isawaule masamba.

Mipata ndi yomwe anthu a m'tauni amaphonya kwambiri. Mango ndi peyala amafuna mamita 8 mpaka 10, ngakhale mango omezanitsa odulira chaka ndi chaka angathe kukhala pa mamita 6. Malalanje, manachesi ndi magwafa mamita 5 kapena 6. Papaya ndi nthochi mamita atatu. Mango ndi peyala atalikire khoma la nyumba, thanki ya chimbudzi ndi mapaipi ndi mamita osachepera 5, ndipo asakhale pansi pa mawaya a ESCOM.

Feteleza ayambe mbande ikatulutsa masamba atsopano, zomwe zimasonyeza kuti mizu yagwira. Chaka choyamba magalamu 50 a NPK, yemweyo wokulitsa chimanga, katatu m'nyengo ya mvula, mowaza mozungulira masentimita 30 kuchokera pa tsinde n'kukwirira pang'ono. Zaka zotsatira muziwonjezera pang'onopang'ono ndi kusunthira kunja, kutsata pomwe madontho a masamba amagwera, poti timizu todya tili kumeneko. Urea wambiri pa mango aakulu amabweretsa masamba okhaokha. Chilimwe choyamba, kuyambira Meyi mpaka mvula, mtengo uliwonse umafuna malita 20 kawiri pa mlungu, ndipo mu Okutobala katatu ngati nthaka ndi yamchenga. Madzi a pampopi ngodula mumzinda uno, paja ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Shire pa Walker's Ferry, ndiye werengerani zimenezo musanagule mbande khumi. Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira angathirire mango, gwafa ndi nthochi, koma peyala ndi malalanje sagwirizana ndi sopo wambiri kapena madzi a jiki. Mango akakula asiyeni kuthirira kuyambira Meyi mpaka maluwa atatuluka, chifukwa kuuma ndi kuzizira ndi zomwe zimawachititsa maluwa.

Chinthu chimodzi chomwe wogulitsa aliyense amayenera kunena, koma sitimachimva, ndi cha mphukira za m'munsi. Chilichonse chophuka pansi pa pomezanitsira ndi cha tsinde lachikuda kapena la ndimu, ndipo chimakula mwamphamvu kuposa kanthambi komwe mudalipirira. Mukachilekerera chimalanda chakudya, kamtunda kaja kamauma, ndipo pakatha zaka mumadzatukwana wa nazale kuti adakugulitsani mandimu. Muzithothola ndi zala zikadali zanthete, mlungu ndi mlungu. Maluwa a chaka choyamba ndi chachiwiri nawonso thotholani, ngakhale mtima ukane. Kamtengo ka m'chiuno kakanyamula mango atatu kamapindika n'kupinimbira. Mango akafika mita imodzi dulani nsonga, m'munsi pang'ono mwa mfundo yomwe masamba adaunjikana, kuti nthambi zisatulukire malo amodzi. Siyani zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana. Peyala wamng'ono amapsa khungwa ndi dzuwa la Okutobala, ndiye pakani tsinde laimu kapena penti yoyera ya madzi yosungunula.

Pa matenda oyeretsa maluwa aja, poperani mankhwala a sulphur maluwa akangoyamba kutuluka, mubwereze pakatha masiku 10 mpaka 14 motsata zolembedwa pa paketi, m'mawa kapena madzulo, chifukwa dzuwa likatentha sulphur amawotcha. Madontho akuda pa masamba ndi zipatso amachepa ndi copper oxychloride kapena Dithane, yemweyo wa alimi a tomato. Ntchentche za zipatso zimaboola khungu n'kuikira mazira, ndiye mango amaoneka abwino kunja, m'kati muli mphutsi. Tolani zipatso zonse zakugwa tsiku ndi tsiku, muzimange m'jumbo yakuda n'kuisiya padzuwa kwa mlungu, kapena muzikwirire kupitirira masentimita 50. Kuzitaya kudzala ndi kuweta ntchentchezo. Misampha ya methyl eugenol, mankhwala okopa ntchentchezi, imagwira zazimuna zokha, choncho imathandiza koma siyikwanira payokha. Pa mtengo umodzi wa pakhomo, kuveka chipatso chilichonse kathumba ka pepala chikafika kukula kwa dzira kumagwira ntchito kuposa kupopera.

Pa poloti wamba ya m'tauni, nyumba itamangidwa kale, zomwe tingagule kwa apamsewu ndi izi: mango mmodzi wa Kent, lalanje mmodzi kapena nachesi, ndi mapapaya atatu a phando limodzi. Peyala tingawonjezere ngati tili kumtunda, dzenje lameza madzi usiku umodzi, ndipo taona mizu yake ndi maso. Pitani kumayambiriro kwa nyengo mbande zabwino zisanasankhidwe, chifukwa zotsala za mu Febuluwale kawirikawiri ndi zija zokanirira pansi. Ngati mukufuna zopitirira khumi, gulani kaye ziwiri kapena zitatu, muone mmene zichitire mwezi umodzi, ndipo tengani nambala ya wogulitsayo mufunsenso komwe kuli nazale yake yeniyeni, poti ambiri pamsewupo amangobweretsa katundu nyengo ikatha n'kusamuka.